Motoka yogona: musagule speya mukalibe kupeza vuto

Mawa mukakwela basi yopita mu tauni, mukhale ca ku windo, foni muike m'thumba, muyambe kuwelenga mamotoka amene anagona pa nyumba za anthu. Kucoka ku Chawama kukafika pa Kafue Road cabe, zala za manja onse awili zidzatha. Ina ili pa njelwa, matayala anapita kale. Ina nkhuku zinaisandutsa khola. Ina anaiphimba na tenti ya buluu imene dzuwa linang'amba caka catha. Mwini wake aliyense mukamufunsa, yankho ni imodzi: "Ilibe vuto iyi, ni batili cabe."

Ise kwathu tinali nayo ya "batili cabe". Nissan 1400, vaneti yoyela ya atate. Anaigula na ndalama za penshoni, ndipo kwa zaka zambili inali kudzuka kukali mdima kukanyamula tomato, kabichi na anyezi za azimayi ogulitsa pa Soweto Market. Ndalama za koleji yanga ya utolankhani zinacokela kumbuyo kwa vaneti imeneyi. Mamotoka awa anali kupangidwa ku Rosslyn, kufupi na Pretoria, mpaka mu 2008, ndipo mkati mwake mulibe zambili: injini ya masilinda anayi, carburettor, pampu ya petulo yoyendetsedwa na injini yeniyeniyo. Kompyuta mulibe olo imodzi.

Atate atamwalila, makiyi na white book zinapita kwa atate aang'ono, amene banja linawasankha kukhala administrator. Lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 limagawa katundu wa munthu amene sanasiye wilu momveka bwino: mkazi kapena mwamuna wotsala 20 pelesenti, ana 50, makolo a malemu 20, ndipo ena amene anali kudalila malemuyo 10. Pa pepala n'zosavuta. Manje vaneti mungaidule bwanji magawo? Wina anati igulitsidwe, wina anati ni cikumbutso, wina anati tiyembekeze agogo abwele kucoka ku Katete. Poyembekeza agogo, vaneti inaima pansi pa mtengo wa mango zaka zinayi.

Tonse tinali kuganiza kuti popeza siiyenda ndiye kuti siikutha. Tinali kudzinamiza. Batili ikakhala yopanda moto kwa miyezi yambili imafelatu mkati, olo muichaje tsiku lonse siisunganso kanthu. Petulo nayenso amakalamba. Mbali yake yopepuka, imene imagwila moto mwamsanga, imauluka, ndipo cotsala cimasanduka phula lomata ngati vanishi, limene limatseka tumabowo ta mu carburettor tumene tuli tung'ono ngati boo la singano. Tanki imene ilibe petulo wambili imacita thukuta mkati, usana kutentha, usiku wa mu June kuzizila, madzi n'kutsikila pansi, dzimbili n'kuyamba. Mapaipi a labala amauma na kung'ambika. Ndiye pali makoswe, amene saona kusiyana pakati pa waya na cimanga.

Caka catha nkhani ya m'banja inazizila pang'ono, makiyi anabwelela kwa amayi. Ine na akulu anga tinagwilizana kuti tiidzutse vaneti, iyambenso kunyamula katundu, amayi aleke kudalila kantemba kokha. Tinaitana makanika wina wacinyamata wa pa msewu wathu. Anatsegula boneti, anayangana mkati ngati munthu wofuna kusankha nkhuku pa msika, n'kunena kuti: "Ba boss, gulani batili inyowani, izalila lelo lino." Tinagula. Apo sanalakwe, batili yakale inalidi yakufa. Tinathilanso petulo watsopano pamwamba pa wakale uja. Anapotokola kiyi, injini inazungulila, inazungulila, osalila.

"Ni koyilo." Tinagula koyilo. Osalila. "Ni mapulagi, yasila aya." Tinagula mapulagi anayi. Osalila. Tsiku lacitatu anati carburettor ndiye yafa, ndipo anadziwa munthu amene anali nayo ya salaula, yocotsedwa pa motoka ina. Tinagula iyonso. Atamanga, anathila petulo pakamwa pake, injini inatsokomola kawili, inaphulika phu! ngati mfuti, lawi linatuluka pang'ono, n'kuzima. Mnyamata uja anapukuta manja pa ovololo. "Apa niuzeni cabe zoona, injini yafa. Ifunika overhaul." Pofika pamenepo theka la malipilo anga a mwezi umenewo linali litapita, za akulu anga sinikamba. Amayi anati tiitane anyamata ogula zitsulo, aja amayenda na wilibala, atenge zithe.

Kwa mawiki awili ninali kumutukwana mumtima mnyamata uja, ndipo ninafuna kulemba pano kuti amakanika a pa msewu ni akawalala. Lelo sinikamba conco. Funsani nokha: makanika atabwela pa nyumba panu, akhale maola awili akununkhiza, akumvetsela, akumasula paipi na kumanganso, pothela pake akuuzeni kuti vuto ni kapaipi ka labala kamene mungagule na ndalama ya basi yopita na kubwela, mudzamupatsa zingati? Ambili a ise tidzati, "Ah, nanga mwacita cani? Palibe camene mwasintha." Tidzamupatsa ya drink cabe. Koma akasintha carburettor timaona kuti wagwila nchito, ndipo timalipila mosadandaula. Amakanika anaphunzila khalidwe lathu. Adziwa kuti kuganiza sikulipilidwa, kumanga speya ndiye kulipilidwa, ndipo nthawi zina wogulitsa speyayo amawapatsako kena kake. Tinawaphunzitsa tekha kulosela m'malo mofufuza. Ku cipatala sitingavomele kuti atipange opaleshoni akalibe kutipima, koma motoka timaipeleka ku mpeni tsiku loyamba.

Amene anationetsa zimenezi ni amdala ena a pa mzele wathu, amene anali makanika ku UBZ kampaniyo ikalibe kugwa. Ana a masiku ano saidziwa UBZ, afunseni makolo anu za mabasi a boma. Amdalawo anabwela pa Ciwelu m'mawa atanyamula masipanala atatu, sikuludilaiva, kapaipi koonekela mkati, botolo ya madzi yopanda kanthu na kacigubu ka malita asanu. Akalibe kugwila boneti anati: "Ana anga, timvane. Ndalama yanga ni ya kupeza vuto. Olo nisasinthe kanthu, mudzanilipila." Akulu anga ananong'ona kuti uku ni kuba kwa masana. Amayi anati, "Alekeni acite, zanu zija taziona."

Coyamba anatikalipila. Anafunsa ngati tinathilako oilo m'masilinda tikalibe kupotokola kiyi tsiku loyamba lija. Tinayanganana. Anati injini imene yagona zaka, oilo yonse imakhala itatsikila pansi, zitsulo zili gwa, ndipo mapisitoni amatha kumatilila ku zipupa zake. Ufunika kumasula mapulagi, kuthila oilo pang'ono m'boo lililonse, kusiya usiku umodzi, ndiyeno kuzungulitsa injini na sipanala pa pulley ya kutsogolo, pang'onopang'ono, kuti umve ngati ili yomasuka. Ise tinaikwapula na batili yatsopano ili youma. Anati tinacita mwayi kuti maling'i sanathyoke. Anasolola dipstick, anaona mlingo wa oilo, n'kuinunkhiza. Ninaseka, koma anafotokoza: pampu ya petulo ya mamotoka awa ili na kalabala mkati, kakang'ambika petulo amathawila mu oilo, ndipo oilo imaculuka yokha na kununkha petulo. Yathu inalibe fungo limenelo.

Ndiyeno anatsatila mawaya a mapulagi na cala kucokela pa distributor, akuwelenga motsitsa mau. Anaima, anapukusa mutu. Injini iyi imawotcha motsatana 1, 3, 4, 2, ndipo mnyamata uja posintha mapulagi anasinthanitsa mawaya awili. Kuphulika kuja kumene anati ni imfa ya injini kunali moto wofika pa silinda yolakwika pa nthawi yolakwika. Anabweza mawaya, anatsegula distributor, anapala mapoyinti na kasandipepa kosalala cifukwa anali atacita zobiliwila, n'kuyesa moto pa pulagi imodzi ataigunditsa ku citsulo ca injini. Kamoto ka buluu kanathetheka. Pofuna kutipweteka mtima, anamanganso koyilo yakale ya atate n'kuyesanso. Kamoto kamodzimodzi.

Apa mpamene nifuna mumvetsele, inu amene muli na yanu yogona kunyumba kapena kwa apongozi. Injini ya petulo kuti ilile ifuna zinthu zocepa: izungulile, ilandile moto pa nthawi yake, ilandile petulo na mphepo, ndipo ikhale na mphamvu yopanikiza. Ciliconse mwa izi cili na njila yociyesela imene siifuna kugula kanthu. Amdala anathila petulo wodzala kacitsekelo ka botolo mu carburettor, anauza akulu anga kuti aike cigubu kutali, iwo anaima pambali nkhope ataicotsa pamwamba pa injini, ndiye anati niliza. Inalila! Masekondi atatu kapena anayi, n'kuzima. Amayi anatuluka m'nyumba na cikho m'manja. Amdala anati: "Mwamva? Injini yakufa siikamba conco. Moto ulipo, mphamvu ilipo. Yamwa kamene naipatsa, kasila, yazima. Njala cabe."

Funso linatsala linali lakuti petulo akutsekeka pati, pakati pa tanki na carburettor. Anamasula paipi yolowa mu carburettor, anaiika m'botolo, koyilo ataicotsa waya kuti pasakhale moto, n'kuti nizungulitse injini. M'botolo simunagwe olo dontho. Wina apa akanati pampu yafa, gulani. Iwo anamasula paipi yocokela ku tanki, anamanga kapaipi kawo koonekela mkati kuyambila pa pampu kukalowa m'kacigubu ka petulo watsopano. Tinaona na maso athu petulo akukwela m'kapaipi, akulumpha-lumpha, mpaka anayamba kulavulila m'botolo. Pampu inali yamoyo. Atabweza zonse, vaneti inalila ikumwa za m'cigubu, ndipo siinazime. Ana a pa mzele wonse anabwela kudzaona.

Ndiye kuti matenda onse anali kumbuyo kwa pampu. Filter ya petulo ataicotsa n'kuigogoda pa dzanja, munatuluka zofiila ngati dothi la ku Chongwe. Pansi pa motoka, kufupi na tanki, kapaipi ka labala kanali kong'ambika, moti pampu inali kukoka mphepo, monga mmene zimakhalila mukamamwa drink na straw yoboola. Anakhetsa za mu tanki m'botolo n'kuiimika pa njelwa. Patapita mphindi zocepa tinaona mizele iwili: pamwamba petulo wa mtundu wa tiyi wopanda mkaka, wonunkha ngati penti yakale, pansi madzi a dzimbili. Petulo watsopano amene tinagula uja tinangomuononga pomusakaniza na zimenezi. Tanki inatsitsidwa, inatsukidwa, inaumitsidwa pa dzuwa. Pano nicenjeze: tanki ya petulo, olo ioneke youma, musaiyandikitse ku moto kapena kwa wowochelela. Cimene cimaphulika ni mpweya wotsalamo.

Zimene tinagula pambuyo pa kupima konseku ni filter, kapaipi ka mita imodzi, tuzomangila tuwili, oilo na filter yake. Carburettor ya atate anaimasula, anaitsuka, anapemelela tumabowo take, anamasula kasingano ka float kamene kanali katamatilila na phula lija, n'kuibwezela pamalo pake.

Inatipusitsanso kamodzi. Tikuiyesa m'tumisewu twa m'komboni, inayenda bwino kwa mphindi khumi na zisanu, ndiye inayamba kufooka, n'kuzima pafupi na cigayo. Akulu anga anagwila kumutu. Amdala sanatsegule boneti n'komwe. Anapita kumbuyo, anamasula citsekelo ca tanki, ndipo tonse tinamva kuti fyuu, mphepo ikuthamangila mkati. Tanki ifunika kupuma: petulo akamatuluka, mphepo iyenela kulowa, apo ayi pampu imalephela kukoka. Popumila pake mavu anali atamangapo nyumba ya dothi. Anatokosa na kawaya, basi. Nikaganiza kuti tikanakhala tekha tikanagula pampu tsiku limenelo cifukwa ca mavu, nimaseka cabe.

Za batili, pali kanjila kamene ananiphunzitsa kamene aliyense angacite. Yatsani malaiti a kutsogolo, ndiye mupotokole kiyi wina akuyangana. Malaiti akazimilatu kapena kufooka kwambili, kaya mukumva ka "thi, thi, thi" cabe, vuto ni batili kapena mitu yake. Nthawi zambili ni ufa woyela uja umamela pa mitu, kapena waya wa earth wopita ku bodi wacita dzimbili. Madzi ofunda, soda yophikila na sandipepa zimathetsa. Malaiti akakhalabe owala koma sitata ili zii, yanganani ku sitata na mawaya ake, batili muisiye. Batili yodzala bwino imaonetsa mavoti 12.6 pa mita, ndipo amene amachaja mabatili ambili ali nayo mita imeneyo. Pimitsani mukalibe kugula.

Nidziwa kuti ena muli na za dizilo, monganso mabasi ambili amene timakwela. Kumeneko kulibe koyilo na mapulagi a moto, mdani wamkulu ni mphepo yolowa m'mapaipi. Ndiye cifukwa cake basi ikathela dizilo pa Lumumba Road, kondakitala olo abwele na cigubu, siilila pomwepo. Mumaona dalaiva akupopa kapampu ka pamwamba pa filter, inu mukuyangana nthawi pa foni. Akucotsa mphepo. Dizilo wogona nayenso amacita matope pansi pa tanki, ndipo ma heater plug akafa motoka imavuta kulila m'mawa kukazizila. Njila ni imodzimodzi: yesani cimodzi, muone, ndiye mupite pa cina.

Cinthu cimodzi cimene nimaona pa masiteshoni cimaninyansa, ndipo amdala aja naonso anacikana: kukoka petulo kapena dizilo na pakamwa. Anyamata amacita ngati ni ukatswili, kulavula n'kuseka. Kadontho kakalowa m'mapapo kamawotcha mkati, munthu n'kudwala cibayo coopsa. Wina akameza, musamusanzitse, cifukwa posanza mpamene amalowela m'mapapo. Mupelekeni ku cipatala. Kapampu ka pamanja kokokela mafuta kamapezeka m'mashopu a maspeya, ndipo mtengo wake sufika pa wa koyilo imene ine ninagula pacabe.

Wina adzati, zonsezi n'zabwino, koma motoka zina zifunikadi kupita ku zitsulo. Nivomela. Amdala aja anakamba okha kuti injini ikanakana kuzungulila na sipanala, kapena chassis ikanakhala yodyeka na dzimbili, akanatiuza kuti tigulitse tsiku lomwelo, ndipo ndalama yawo tikanawapatsabe. Kudziwa kuti motoka yafadi nakonso n'kofunika kulipilila, cifukwa kumakuleketsani kuthila ndalama m'dzenje. Cimene nikana ni kuiweluza kuti yafa, kapena kuti ni "batili cabe", palibe amene waipima.

Ndipo kulila kwa injini sikutanthauza kuti mawa mupite nayo pa Great East Road. Mafuta a mabuleki amakoka madzi akakhalitsa, tulabala twa m'mawilo tumauma, ndipo buleki imene yagwila bwino pa geti ingakukaneni pa malaiti a pa mphambano, kutsogolo kuli basi yodzala anthu ngati imene mwakwelayi. Matayala angaoneke ali na mapazi, koma yanganani m'mbali ngati ali na ming'alu. Pali manambala anayi pa tayala amene amaonetsa wiki na caka cimene linapangidwa. Athu anali akale kupambana mwana wa akulu anga amene ali giledi 5. Pambuyo pake mpamene pabwela za ku RTSA: road tax, fitness, inshuwalansi, na kusintha dzina pa white book ngati mwini wake anamwalila. Izi zinatitengela nthawi yaitali kupambana kukonza injini.

Amdala tinawalipila zimene ananena, akulu anga anaonjezelapo na nkhuku. Vaneti manje imadzuka m'mamawa kupita ku Soweto, woyendetsa ni msuweni wathu, ndipo Cisanu ciliconse amabweletsa ndalama kwa amayi. Ine nikali kukwela basi, pa Kulima Tower mudzanipeza. Koyilo yatsopano na carburettor ya salaula zili m'katoni pansi pa bedi ya amayi, cifukwa wogulitsa anati katundu akatuluka sabwelela. Sondo yatha atate aang'ono anabwela kudzationa, koyamba pa miyezi isanu na itatu. Anazungulila vaneti kawili, anagogoda tayala na nsapato, n'kufunsa amayi kuti imapanga zingati pa wiki.